Batire la Tonsefe

Mpaka lero foni ikayamba kulira motsatizanatsatizana mtima umandiwawa, ndipo ndimakumbuka msewu wa ku Songwe. Ndine wogulitsa nsomba wa ku Senga Bay, kudoko amanditchula kuti Nabanda. Maulendo ndayenda ambiri, a ku Lilongwe okha ndi mitanga ya usipa sindingawawerenge, koma umene umandipsetsabe mtima ndi uja ndinapita kukatenga batire la gulu lathu.

Chaka chimenecho mafuta ankasowa moti a njinga zamoto ankakweza mtengo m'mawa n'kukwezanso masana. Chambo chogula kudoko dzuwa likutuluka chinkafika pamsika wa Salima maso atayera kale, ndipo ine ndinatayapo mabeseni awiri sabata imodzi. Ndiye a Lufeyo, mmisiri wowotcherera zitsulo amene ali ndi shedi kuseri kwa depoti ya Salima, anatiitana kuti tikaone chimene anapanga. Inali njinga ya matayala atatu, kumbuyo bokosi la ayezi, pamwamba denga la sola, yoti iziyenda ndi magetsi a dzuwa osafuna ngakhale dontho la petulo. Mota anali ataipeza kale. Chinatsala chinali batire lalikulu, limene kuno linali pamtengo wosayambika, koma wamalonda wina wa ku Dar es Salaam anavomera kulitumiza pabasi mpaka pa boda ya Songwe.

Kubanki anatifunsa chikole, ife chikole tinalibe. Ndine amene ndinatsegula pakamwa kunena kuti tichite msonkhemsonkhe. Mwana wanga wamkazi anatitsegulira gulu pa foni, tinaikamo kanema wa njingayo, ndipo anthu anayamba kutumiza. Anasonkha ogulitsa nsomba, eni maboti, amayi a kutchalitchi, alimi a mpunga a ku Lifuwu amene ankafuna idziwanyamulira matumba kupita kuchigayo, ana athu a ku Joni, mpaka mphunzitsi wina wa ku Chinguluwe amene palibe ankamudziwa nkhope. A Lufeyo analonjeza kuti dzina la aliyense adzalilemba ndi penti pabokosi lija. Ndalama zinkalowa pa nambala yanga popeza nkhaniyo ndinayambitsa ndine, ndipo apo ndi pamene ndinadziputira mavuto.

Zitangokwanira, manong'onong'o anayamba. Nankhoma, amene benchi lake pamsika linagundana ndi langa, anafunsa pagulu kuti kodi malata atsopano a pakhitchini panga anachokera kuti. Malata amenewo ndinagula titagawana za banki m'khonde, iye ali pomwepo, akundithandiza kumanga ndalamazo pansonga ya chitenje. Pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi anagwirizana kuti ndisapite ndekha. A Lufeyo sakanatha kupita chifukwa anali ndi mawindo a sukulu oti amalize, choncho anasankha a Chikaonda, mkulu wa mpingo amene kale anali ndi khoka la chilimira. Ndi munthu woti sanabepo ngakhale kausipa kamodzi, koma za magetsi amadziwa tochi basi. Anaikanso lamulo loti tizitumiza chithunzi pagulu tauni iliyonse imene tafika. Iwo anati n'kuperekezana, koma ine ndinadziwa kuti andipatsa mlonda, ndipo zinandiwawa.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa, mu Okutobala, dzuwa likuwotcha kale isanakwane seveni. Minibasi ya ku Senga Bay inatitsitsa padepoti pomwe a Lufeyo ankatidikirira, magalasi owotcherera ali pamphumi. Anatiuza kuti batirelo tisaligwetse, tisalole kuti aliike padenga la basi, ndipo koposa zonse lisakhale padzuwa.

"Likatentha kwambiri limafa, penanso limayaka," anatero.

"Lisatenthe," anabwereza a Chikaonda akugwedeza mutu ngati alandira vesi loloweza.

Basi ya ku Mzuzu inali ndi anthu asanu ndi awiri pamene tinkakwera, ndipo kondakitala analumbira kuti tinyamuka pompano. Tinanyamuka itadutsa teni. Mtengo umene anandiuza pakhomo unali utakula pofika nthawi yodula tikiti, ati chifukwa dizilo agula wa m'zigubu. Ndinakangana naye mpaka anthu anatembenuka, koma a Chikaonda anandigwira pamkono kuti mayi, tikuimira gulu. Ndinalipira ndikukukuta mano.

Tisanafike pa Khombedza foni inali italira kale kakhumi. Wina ankafunsa kuti tafika pati. Wina ankati popeza anasonkha, ndimugulireko mpunga wa ku Karonga. Mayi wina wa kwaya anatumiza chithunzi cha chitenje chimene ndikamufunire ku Tanzania, n'kuwonjezera kuti iye anali m'gulu la oyamba kupereka. Ndinazindikira kuti aliyense amene anaponya kangachepe kake ankaona ngati wagulako mbali ya batire ndi mbali ya miyendo yanga.

Pa Nkhotakota dalaivala anamva kuti pamalo ena omwetsera mafuta pafika thanki, ndiye anakhotera pamzere ife tili momwemo. Tinakhala pamenepo maola anayi. Khanda la mayi wina linalira mpaka mawu kutha, nkhuku zimene zinali pansi pa mpando wakutsogolo zinayasamula kukamwa, ndipo mnyamata wogulitsa madzi anakweza mtengo ife tikuona. A Chikaonda anapezerapo guwa. Anayamba kulalikira za njinga yathu kwa aliyense, kuti ife a ku Senga Bay mizere ngati imeneyi taitsanzika, dzuwa lomwe likutiwotchali ndilo lidzakhale petulo wathu. Bambo wina wogulitsa mankhwala azitsamba anawafunsa kuti nanga mvula ikagwa njingayo idzagona? A Chikaonda anayankha kuti zimenezo akudziwa ndi a Lufeyo, basi yonse n'kuseka. Ine sindinaseke, chifukwa nthawi imeneyo ndinali nditawerenga zimene Nankhoma analemba. Pachithunzi cha pa Nkhotakota ndinaoneka nditagwira kajumbo ka tchipisi, ndipo iye anafunsa mwaulemu wake wonse kuti kodi tchipisi chinali pa ndondomeko ya ulendo. Chinali cha ndalama yanga, ndipo theka lake anadya a Chikaonda, koma chotsalacho ndinangochisiya.

Ku Mzuzu tinafika kutada, tinagona pa nyumba ya alendo ya pafupi ndi depoti, ndipo m'mawa tinakwera minibasi ya ku Karonga. Pa mapiri a Chiweta ndinaona zimene sindinkayembekezera. A Chikaonda, munthu amene analimbana ndi mwera panyanja zaka zonse za unyamata wake, anatseka maso pa kona yoyamba n'kugwira mpando ndi manja onse awiri. Ankapemphera chamumtima milomo yokha ikugwedera, ndipo anatsegula maso titatsikira ku Chitimba. Ndinawafunsa ngati nditumize chithunzi chimenechonso pagulu. Anandipempha kuti ayi, ndipo aka kanali koyamba kuti tisekere limodzi.

Kuchoka ku Karonga kupita ku Songwe zimayenda galimoto zing'onozing'ono zimene amalongezamo anthu mpaka wina kukhala pampando umodzi ndi dalaivala. Titangotsika, osintha ndalama anatizinga, aliyense akuti mayi bwerani kuno. Tinadinditsa mapepala athu, tinawoloka mlatho wapansi, n'kukafika pa ofesi ya mabasi imene wamalonda uja anatiuza. Kalaliki wake anayang'ana m'buku n'kutiuza m'Chichewa chothyokathyoka kuti basi ya ku Dar inafera panjira, tibwere mkucha.

Tsiku lodikira limenelo ndilo linandionetsa anthu amene ndimakhala nawo. Ndinatumiza chithunzi cha ofesi, chithunzi cha kalaliki, chithunzi cha mlatho, koma pagulu panali poti wina akuti mwina batire kulibe n'komwe, wina akuti anamvapo za mayi wa ku Chipoka amene anachita zomwezi. Mwana wa mlamu wanga amene ali ku Joni, yemwe ndinamuchapira matewera ndi manja angawa, analemba kuti likapanda kuoneka mawa ndimubwezere zake. Ndinakhala pakhonde la golosale ina tsiku lonse ndikuwerenga zimenezi, ndikumwa tiyi wa mkaka amene sankakoma. A Chikaonda ankangoti anthu ndi choncho, tiwapirire. Kupirira kunali kophweka kwa iwo chifukwa dzina limene linkadyedwa silinali lawo.

Basi inafika Lachinayi chakumasana, itafiira ndi fumbi. Batire linatsika lili m'katoni yolimba, yomangidwa ndi malamba, lolemera kuposa thumba la simenti. Tinalikweza pa wilibala, tinadikira pamzere wa a kasitomu mpaka mapepala onse anatheka, ndipo ndinalijambula mbali zonse zinayi. Kwa ola limodzi gulu lonse linasanduka kwaya. Amene ankanditcha wakuba dzulo lake ankalemba kuti Mulungu ndi wabwino, mayi wa chitenje uja n'kundikumbutsa za chitenje chake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba kuti pepani.

Pobwerera nkhondo inali ndi makondakitala. Aliyense ankafuna kuliponya padenga kapena pansi pa matumba a nthochi, ndipo aliyense ndinamukanira. Ndinalilipirira mpando wake ngati munthu, n'kukhala nalo pambali dzanja lili pamwamba pake kuyambira ku Karonga mpaka ku Mzuzu. Lachisanu m'mawa tinakwera basi yodzera m'mbali mwa nyanja. Pa Nkhata Bay anakwera amayi atatu, amalonda anzathu, opita ku Lilongwe ndi nsomba zaziwisi za batala, ali ndi mabeseni akuluakulu ndi matumba a ayezi wokwiriridwa mu utuchi. A Chikaonda anagwirizana nawo nthawi yomweyo, nkhani ya makoka ndi mitengo ya nsomba osatha.

Foni yanga inazima pa Chintheche. Kunyumba ya alendo ku Mzuzu magetsi kunalibe, ndipo kujambula kwa tauni iliyonse kunaimaliza. Pasanathe mphindi makumi awiri foni ya a Chikaonda inayamba kulira, anthu akufunsa chifukwa chimene Nabanda wazimitsira foni tsopano pamene batire lili m'manja.

Titatsala pang'ono kufika pa Dwangwa, kumbuyo kwa basi kunamveka chiphokoso, basi n'kupendekera mbali imodzi. Chitsulo chogwira matayala akumbuyo chinali chitathyoka. Dalaivala anati tonse titsike ndi katundu yense kuti aikweze pa jeke. Malo ake anali pakati pa minda ya nzimbe, popanda mtengo ngakhale umodzi, dzuwa lili paliwombo. Pansi pa basi anatiletsa kuikapo chilichonse. Ndinaika batire m'mphepete mwa msewu, ndinazika ambulera yanga pambali pake, n'kufunditsa chitenje pamwamba kuti pakhale kamthunzi. Zinali zokwanira, ndipo ndikanangokhala pomwepo nkhani ino sikanakhalapo.

Koma a Chikaonda, amene anali atadziwitsa kale gulu za basi, posadziwa kuchepetsa mawu a foni yawo, anatsegula uthenga wa mawu wa Nankhoma anthu onse akumva. Ankati iye sakunena kanthu, koma n'zodabwitsa kuti foni yazima kenako basi yafa pafupi ndi Dwangwa, kumene kuli amalonda a sola ambiri ogula mabatire. Ankati a Chikaonda asagone tulo. Amayi a ku Nkhata Bay aja anandiyang'ana, kondakitala anandiyang'ana, ndipo ine m'makutu munangoti ng'wii. Ndinaimitsa wa kabaza amene ankadutsa, ndinauza a Chikaonda kuti asasunthe batire pamthunzipo, ndikupita pa Dwangwa kukatchaja foni kuti ndimuyankhe mayi ameneyu ndi pakamwa panga.

Pa Dwangwa magetsi anali atazima. Ndinazungulira mashopu mpaka ndinapeza wometa wina amene anali ndi sola, koma mafoni anali atandanda kale pa shelefu ndipo anandiuza kuti ndidikire. Ndinakhala pabenchi ndikukonza mawu amene ndimuuze Nankhoma, ena oti mayi wa chigwirizano sayenera kuwadziwa n'komwe. Pamene foni inkayaka n'kuti patapita pafupifupi maola atatu.

Mauthenga analowa ngati nyerere. Ndinapita m'mwamba kufuna pamene ndinalekezera, ndipo ndinakumana ndi chithunzi. A Chikaonda anali ataima monyadira, chipewa chili m'manja, pambali pa beseni lalikulu la nsomba. M'besenimo munali batire lathu, lovulidwa katoni, ayezi ataunjikidwa mbali zonse mpaka pakhosi, pamwamba chiguduli chonyowa. Analisamalira ndendende mmene timasamalira chambo chopita ku Lilongwe. Pansi pake analemba kuti batire linayamba kutentha koma alipulumutsa.

Ndinawerenga mayankho. Mlembi wa kudoko analemba kuti mwachita bwino akulu. Mayi wa chitenje analemba kuti awonjezere ayezi pamwamba. Mlimi wina wa ku Lifuwu analangiza kuti aziwaza madzi pachiguduli chisaume. Mwana wa ku Joni uja anatumiza ndalama yoti agulire thumba lina la ayezi. Nankhoma analemba kuti taonani ubwino wotumiza munthu wamkulu, mwini ulendo wathawa n'kusiya katundu wa gulu padzuwa. Zizindikiro za chala chovomereza zinali mbwee, anthu oposa makumi anayi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa ngati magetsi ndi madzi zimayenderana. A Lufeyo okha, munthu mmodzi amene akanakuwa, anali asanatsegule foni chifukwa anali pa makwerero kusukulu kuja. Chithunzicho chinali chitatumizidwa maola awiri m'mbuyomo.

Wa njinga yamoto amene ananditenga pobwerera ndinamulipira mtengo umene anatchula osanenerera. Nditafika, ayezi anali atasungunuka kalekale. Batire linali litakhala m'madzi ofiirira a nsomba, mamba akuyandama, madziwo atafika pamabowo opumira. A Chikaonda anali atagwada pambali akuwaza chiguduli ndi kapu.

"Bambo Chikaonda, mwachita chiyani?"

"A Lufeyo anati lisatenthe. Ndinaligwira, mayi, linali lofunda. Ambulera yanu mphepo inagwetsa."

"Ndiye munaona ngati ndi kampango?"

"Ayeziyu woyamba ndagula ndi ndalama yanga, imene ndimati ndikagulire nsapato," anatero motsitsa mawu. "Gulu lonse lavomereza."

Sindibisa, ndinawakalipira. Ndinakalipira mkulu wa mpingo, munthu wa msinkhu wa bambo anga, pamaso pa basi yonse, ndipo zina zimene ndinanena ndinakazilapa pambuyo pake. Ndinawauza kuti anawatuma kudzalonda wakuba koma aba okha chinthu chonse ndi beseni limodzi. Tinalitulutsa awiri, madzi akuchucha m'mabowo, ndipo ndinalipukuta ndi chitenje changa mpaka chinanyowa chonse. Mmodzi wa amayi a ku Nkhata Bay, yemwe anawagulitsa ayeziyo n'kuwabwereka beseni, anati mwina likauma lidzuka, foni yake inagwerapo m'nyanja n'kudzuka ataiika mu mpunga. Ndinamuyang'ana mpaka anakatenga beseni lake n'kupita kutsidya la msewu.

Basi ina inadzatitenga dzuwa litapendeka, ndipo tinagona pa Nkhotakota chifukwa nayonso inalowa pamzere wa mafuta. Njira yonse a Chikaonda sanatchulenso za njinga yathu kwa wina aliyense. Ine mkwiyo unali utagawika patatu, wina pa iwo, wina pa gulu, ndipo waukulu pa ine ndemwe. Ndinanyamula chinthu chija kuchokera ku boda ngati khanda, n'kukachisiya pamsewu chifukwa chofuna kuyankha Nankhoma.

Loweruka m'mawa tinalitsitsa pashedi ya a Lufeyo. Anali ataona kale chithunzi chija, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene sanagone. Anamasula zomangira mwakachetechete, anatsegula chivundikiro, ndipo munatuluka madzi ndi fungo la batala. Anayeza ndi kachipangizo kawo mbali iyi ndi iyo, kenako anakhala pachitini cha penti, penti yomwe anagula kuti alembere mayina athu. Anati lafa, ndipo lisagone m'shedi kapena pafupi ndi nyumba ya munthu chifukwa litha kuyaka lokha. Anawonjezera kuti mlandu ndi wawo, akanatiuzanso za madzi, koma sanaganize kuti pali munthu wofunika kumuuza. A Chikaonda anavula chipewa n'kutuluka panja.

Msonkhano unachitika Lamulungu titaweruka, pansi pa mango womwe uja. Anthu anabwera ambiri kuposa tsiku losankha mlonda, a ku Lifuwu atabwera pa njinga zakapalasa. Ndinaona pankhope zawo kuti mlandu anali ataugamula kale kunyumba. Nankhoma ndiye anayamba, ati funso lake ndi limodzi lokha: munthu amene anapatsidwa katundu wa gulu anali kuti pamene katunduyo ankawonongeka? Anthu anang'ung'udza movomereza. A Chikaonda anadzuka kuti alankhule, koma ndinawapempha kuti akhale pansi.

Kwathu kuno pamaliro timawerenga mayina a onse amene apereka chipepeso, aliyense ndi chimene wapereka, kuti pasakhale wonena kuti chake sichinaoneke. Ndinauza anthu kuti batire lathu lamwalira, choncho ndiwerenga mayina. Ndinatulutsa foni, yodzaza bwino ulendo uno, n'kuyamba pamwamba. Ndinatchula mlembi wa kudoko ndi mawu ake. Ndinatchula mayi wa kwaya ndi ayezi wake wowonjezera. Ndinatchula mlimi wa ku Lifuwu amene anati chiguduli chisaume, ndipo anthu anatembenuka kumuyang'ana iye akuyang'ana zala zakumapazi. Ndinatchula mwana wa mlamu wanga ndi thumba lachiwiri limene analipira, mayi ake ali pamphasa yakutsogolo. Amene anangoika chala chovomereza ndinawatchulanso mmodzimmodzi, osadumpha ngakhale mkazi wa abusa. Wina anayesa kuseka koma anapezeka akuseka yekha. Nankhoma ndinamusungira kumapeto, ndipo ndinawerenga mauthenga ake onse, kuyambira wa malata, wa tchipisi, mpaka wa amalonda a sola a pa Dwangwa, umene ndinautsegula kuti aumve okha.

"Mwafunsa kuti ndinali kuti," ndinatero. "Ndinali kotchaja foni kuti ndikuyankheni inu. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo ndikukuvomera. Koma batire ili tinasonkha tonse ndipo talimiza tonse. A Chikaonda anangogwira beseni."

Njinga ija inali itaima pambali pathu, a Lufeyo ataikankha kuchokera ku Salima kuti anthu aione, denga la sola likunyezimira, malo a batire ali pululu. Palibe amene ankafuna kuiyang'ana.

Amene anadzuka anali Nankhoma. Ndinakonzeka kuti tiyambirenso, koma iye anayenda mpaka pamphasa ya pakati, anamasula nsonga ya chitenje, n'kuika pansi ndalama zimene ndikudziwa kuti zinali mpamba wake wa Lolemba. Sanandiyang'ane kumaso ndipo pepani sanamutchule, mpaka lero sanamutchulebe.

"Tiyambirenso," anatero. "Ulendo uno mupite nokha, Nabanda."

A Chikaonda anadzuka n'kuikapo zawo, kenako mlembi wa kudoko, kenako a ku Lifuwu. Ine ndinakhalabe pansi, mtima usanaphwe ngakhale pang'ono, ndikuganiza za mzere wa pa Nkhotakota, makona a Chiweta ndi khonde la golosale ya ku boda, zonsezo kuziyambiranso. Anthu ankadikira yankho langa. Ndinadzuka, ndinakutumula chitenje, ndinapita pamene anakhala Nankhoma n'kumuika foni yanga pamiyendo.

"Ndipita," ndinatero. "Koma iyi itsala ndi inu. Mukafuna chithunzi muzidzijambula nokha."